Mafunso ndi Mayankho: Kangaude Wanga Wadzitsekera ku Una, Kodi Ndimufukule?

Makalata a mwezi uno akukhudza chiweto chimene ambiri kuno kwathu sanachionepo m'nyumba ya munthu, ndicho kangaude wamkulu waubweya wotchedwa tarantula. Ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa anthu amaweta akangaude amenewa m'mabokosi agalasi monga momwe ena amawetera nsomba zokongoletsa pabalaza, ndipo abale athu ena okhala m'mayiko amenewo nawonso ayamba kuwaweta. Mitundu ya tarantula imene akatswiri anailemba kale imaposa 1,000, koma ena mwa madandaulo amene afika patebulo langa akuzungulira pa nkhani imodzi, yakuti chiwetocho chalowa pansi ndipo sichikuonekanso. Inenso ndaweta akangaudewa kwa zaka zambiri, choncho ndiyankha monga munthu amene anakhalapo chogwada kuyang'anitsitsa dzenje lotsekedwa, mtima uli m'mwamba.

FUNSO: Alangizi, ine ndimakhala ku Johannesburg, ndipo chaka chatha ndinagula kangaude wamkazi wa mtundu wa Theraphosa stirmi, amene akatambasula miyendo amakwana masentimita 20. Poyamba ankadya mphemvu ziwiri pa mlungu, koma kenako anayamba kukana chakudya, ndipo kadazi kamene kali pamwamba pa mimba yake kanasanduka kakuda. Usiku wina anakokera dothi pakhomo pa khungwa limene amabisalamo n'kulimata ndi ulusi. Tsopano patha milungu isanu ndi iwiri osaona ngakhale mwendo. Mayi a kunyumba akuti mwina anafera momwemo. Kodi ndifukule kuti ndione?

YANKHO: Bambo, musafukule. Zonse zimene mwafotokozazi, kukana chakudya, kuda kwa kadazi ndi kumata khomo, zikuloza ku chinthu chimodzi, chakuti kangaude wanu akukonzekera kufundula, ndipo wachita zimene mtundu wake umachita m'nkhalango za ku Guyana, ku South America, nthawi imeneyi ikayandikira.

Kangaude alibe mafupa m'kati. Chimene chimagwira thupi lake ndi chigoba chakunja, ndipo chigobacho sichikula, kotero kuti iye akule ayenera kuchivula chonse monga momwe njoka imafundulira. Komabe ntchito yakeyi ndi yoopsa kuposa ya njoka, chifukwa pamodzi ndi khungu la miyendo amavulanso la mano, la m'mapapo, ngakhale la njira imene chakudya chimadzera polowa m'mimba. Wamng'ono amafundula pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, pamene wamkulu ngati wanuyo amafundula kamodzi pa chaka, mwinanso kupitirira apo. Kadazi kamene mwatchulako kamabwera chifukwa akangaude a ku America ali ndi cheya choyabwa ngati chitedze pamimba pawo, chimene amachipalasa ndi miyendo yakumbuyo kuti chiulukire m'maso mwa mdani, ndipo pamene apalasapo pamatsala poyera. Pakada, ndiye kuti mukuona cheya chatsopano chimene chamera kale pansi pa khungu lakale.

Tsiku likafika, amayala mphasa ya ulusi m'kati mwa unawo, amawazapo cheya choyabwa chija kuti nyerere ndi tizilombo tina tisamufike msanga, kenako amagona chagada. Amatha kukhala chomwecho maola ambiri osagwedezeka. Pambuyo pake chivindikiro cha pamsana chimang'ambika m'mbali, ndipo amayamba kusolola miyendo yonse isanu ndi itatu pang'onopang'ono, kupuma, n'kusololanso. Kwa kangaude wa msinkhu wa wanuyo ntchitoyi imatha kudya gawo lalikulu la tsiku. Akatuluka amakhala wofewa ngati dzira limene nkhuku yaikira chigoba chisanalimbe, mano ake ali oyera ngati mkaka, moti sangalume kapena kuthawa. Ndicho chifukwa chake amamata khomo. Si matenda ayi, koma nzeru ya chamoyo chodziwa kuti kwa masiku angapo ngakhale kalijosolo mmodzi angathe kuchipha.

Ndikunena izi ndi chisoni chimene ndikali nacho. Ndili wongoyamba kumene, ndinali ndi Brachypelma hamorii wamkazi, wa mawondo ofiira uja wa kugombe la kumadzulo kwa Mexico, ndipo atadzitsekera mwezi wathunthu mtima unandikanika. Ndinanyamula khungwa lake n'kumupeza ali chagada, ndipo poganiza kuti wafa ndinamukhudza ndi kamtengo. Anadzidzimuka n'kuyesa kutembenuka ntchito ili pakati, miyendo iwiri inakanirira m'chigoba chakale, ndipo anaitaya. Inameranso pa kufundula kotsatira, yowonda ndi yaifupi, ndipo panatenga kufundula kwina kuti ifanane ndi inzake. Anapulumuka, koma ambiri osokonezedwa pa ola limenelo sapulumuka.

Tsono imfa mungaizindikire bwanji? Choyamba, kangaude safa chagada kawirikawiri. Amafa chafufumimba, miyendo itapindikira pansi pa thupi ngati chikhatho chofumbata. Chifukwa chake n'chakuti mfundo ziwiri zikuluzikulu za mwendo uliwonse zilibe minofu yowongolera, koma zimawongoka ndi mphamvu ya magazi amene kangaude amawakankhira m'miyendo, ndiye mphamvuyo ikatha, kaya ndi ludzu kaya ndi imfa, miyendo imadzipinda yokha. Chachiwiri, kangaude wamkulu chotere akafa m'dothi lachinyezi, mphuno yanu idzakuuzani pasanathe masiku ambiri, ndipo tintchentche ting'onoting'ono tidzayamba kuzungulira pakhomo pa una. Ngati palibe fungo, yembekezerani. Mukhozanso kuunika ndi tochi m'mbali mwa bokosi kapena pansi pake, ngati lili pamalo oti mungatero osalinyamula, popeza ambiri amakumba mpaka kufika pagalasi.

Ntchito yanu pa nthawi ino ndi yochepa. Kambale ka madzi kazikhala kodzaza, chifukwa akatuluka chimene adzayamba kufuna ndi madzi. Chakudya chamoyo chilichonse chimene chili m'bokosimo chichotseni lero lomwe, ndipo musaponye china mpaka atatsekula yekha. Theraphosa ndi wa m'nkhalango za mvula yambiri, choncho muzithira madzi pang'ono pangodya yotalikirana ndi una kuti dothi lapansi lisaume, koma osalola kuti madzi alowe m'unamo kapena kuti mpweya uleke kuyenda. Kutentha kwa madigiri 24 mpaka 27 n'kokwanira, ndipo popeza ku Johannesburg kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, tenthetsani chipinda chonse osati bokosi lokha. Tsiku lina m'mawa mudzapeza khomo lili pululu, mwinanso chigoba chakale chitaponyedwa panja. Ngakhale pamenepo musathamangire kumudyetsa. Dikirani milungu iwiri kuti mano ade ndi kulimba, chifukwa dzino lofewa likathyoka pa mphemvu, kangaudeyo adzavutika kudya mpaka kufundula kwa chaka chamawa.

Pali chifukwa chinanso chimene wamkazi amatsekera khomo, ndicho kuikira mazira, ndipo amatha kutero ngakhale sanakumane ndi wamwamuna. Kwa wanuyo kuda kwa kadazi kukusonyeza kufundula, koma ngakhale akanakhala mazira langizo langa silikanasintha, popeza wamkazi wosokonezedwa amatha kudya thumba lake la mazira.

FUNSO: Alangizi, ndine mayi wokhala ku Leeds, ku England. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 17 anagula kangaude wotchedwa Pelinobius muticus ndi ndalama zimene anasunga yekha. Kwa miyezi isanu ndi inayi chimene taona ndi nsonga za miyendo pakhomo pa dzenje, basi. Amadya ndithu, chifukwa chimene taponya usiku m'mawa sitichipeza. Kodi kangaudeyu akuvutika ndi mantha? Mwanayu akuti achepetse dothi kuti azioneka.

YANKHO: Mayi, kangaudeyo sakuvutika, koma adzayamba kuvutika tsiku limene mwana wanu adzachepetse dothilo. Akangaude a tarantula sakhala mofanana. Ena, monga Avicularia wa ku South America ndi Poecilotheria wa ku India ndi Sri Lanka, amakhala m'mitengo. Ena amakhala pansi n'kumabisala paliponse pamene apeza, kaya kunsi kwa mwala kaya m'dzenje losiyidwa ndi nyama ina, n'kulikonza pang'ono. Koma pali gulu lina limene moyo wake wonse uli pansi pa nthaka, ndipo Pelinobius muticus, amene mabuku akale amamutcha Citharischius crawshayi, ndiye mfumu ya gulu limeneli. Kwawo ndi m'madera ouma a tchire ku Kenya ndi ku Tanzania, amakula mpaka masentimita 20, ndipo wamkazi mukamuona bwino mudzazindikira kuti miyendo yake yakumbuyo ndi yonenepa kuposa yakutsogolo, chifukwa ndiyo imamuthandiza pa ntchito ya dothi. Oweta ambiri amanena kuti amene wagula kangaude ameneyu wasankha kuweta dzenje, ndipo n'zoona ndithu.

Kwathu timati mbewa yamanyazi inafera ku una, koma kwa kangaudeyu una ndiwo umamusunga ndi moyo. Mapapo a tarantula ndi anayi, ali kunsi kwa mimba, ndipo anapangidwa ngati masamba a buku opyapyala amene ayenera kukhala achinyezi kuti agwire ntchito. Padzuwa la ku Kenya kangaude wotere akhoza kuuma msanga, koma pansi, ngakhale masentimita 30 okha, nthaka imakhala yozizirira masana, yofundirira usiku, ndipo chinyezi sichitha. Unawo ndi linga lakenso. Anyani, misulu, mbalame ndi anankalizi akuluakulu onse amadya akangaude, koma mdani woopsa koposa ndi mavu aakulu, Pepsis ku America ndi Hemipepsis amene alikonso kuno ku Africa, amene amaluma kangaude kuti afe ziwalo, n'kumukokera m'dzenje ndi kumuikira dzira limodzi pamimba kuti mphutsi ikaswa izimudya ali moyo. Chamoyo chokhala ndi adani otere chimaona pabwalo poyera ngati imfa.

Komanso sikuti akakhala pansipo sadziwa za kunja. Ali ndi maso asanu ndi atatu, koma amangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Dziko lake amalimva ndi miyendo, kudzera mu cheya chopyapyala chimene chimagwedezeka ndi kamphepo kochepetsetsa, ndiponso kudzera m'timing'alu ta pachigoba timene timamva kunjenjemera kwa nthaka. Ulusi umene amayala kuyambira m'kati mwa una mpaka kunja kwa khomo umamufikitsira uthenga wa chilichonse choyendapo. Nsonga za miyendo zimene mumaziona madzulo zija ndiye mlenje ali pa ntchito, ndipo kangaude amene amaima pakhomo pake madzulo, n'kumadya, ndi kangaude wokhazikika.

Muuzeni mwana wanu kuti chosangalatsa chenicheni cha mtundu umenewu chimachitika pakati pa usiku, ndipo akhoza kuchiona ndi tochi ya kuwala kofiira, kumene akangaudewa sakuona bwino. Ine ndinakhalapo pafupifupi ola lathunthu ndikuonerera wanga akukuza nyumba yake. Amakanda dothi ndi mano, n'kulisonkhanitsa ndi timiyendo tiwiri tam'mbali mwa kamwa mpaka likhale kampira konga nsawawa yosasenda, kenako amalifungatira kunsi kwa kamwa, n'kukwera nalo pang'onopang'ono mpaka pakhomo. Akafika amayenda masitepe angapo, amaliponya, amaima kaye ngati akumvetsera, n'kutembenuka kubwerera pansi. Pakapita mphindi zingapo amatulukanso ndi lina. Nthawi zina amaleka kunyamula n'kuyamba kupeta, mimba ikugwedezekera uku ndi uku, timichira tiwiri takumbuyo tikupaka ulusi m'makoma a una monga mayi wozira nyumba. Pofika m'mawa pangodya ya bokosi panali kachulu katsopano, mwini wake osaoneka.

Ngati afuna kumuona kawirikawiri, njira yake ndi kuwonjezera dothi, osati kuchepetsa. Wamkulu amafuna dothi lozama masentimita 25 kapena 30, losakaniza dothi lapamwamba lopanda feteleza ndi mankhwala, ulusi wa makoko a kokonati ndi dongo pang'ono, lotsinderedwa bwino kuti una usagwe. Pa tsiku lomusamutsira m'bokosi latsopano, aboole kadzenje kopendekeka ndi ndodo mphepete mwenimweni mwa galasi, ndipo kunja kwa galasilo amatepo pepala lakuda. Kangaude amakonda kupitiriza dzenje limene walipeza, ndipo poona kuti mbaliyo ndi yamdima, amakumba motsatira galasi. Pakatha milungu ingapo mwanayo akhoza kumakweza pepalalo mwakamodzikamodzi n'kuona m'kati mwa nyumba yonse, ngakhale kuti ena amadzamata galasilo ndi ulusi mpaka osaonekanso kanthu.

Monga kholo muyenera kudziwanso ichi. Akangaude a ku Africa ndi Asia alibe cheya choyabwa chija, choncho chida chawo ndi mano, ndipo ululu wawo ndi wamphamvu kuposa wa a ku America. Pelinobius muticus akapsa mtima amaimika miyendo yakutsogolo m'mwamba n'kutulutsa phokoso lososola pokhulanitsa cheya cha m'miyendo, ndipo akaluma, munthu amamva kuwawa kwambiri, kutupa ndi kukokana kwa minofu kumene kungathe kutenga masiku. Amene ali ndi una wozama amathawira pansi bokosi likatsekulidwa, koma amene wamanidwa pothawira amaima n'kumenya nkhondo. Dothi lozamalo ndi chitetezo cha mwana wanu. Asamugwire m'manja, ndipo pochotsa zinyalala azigwiritsa ntchito chopanira chachitali. Akonzekerenso ulendo wautali, chifukwa mtunduwu umakula mochedwa ndipo wamkazi amakhala zaka zambiri. Moyo wa m'dzenje umakhalitsa modabwitsa. Ku Western Australia katswiri Barbara York Main anayamba mu 1974 kutsatira kangaude wamkazi wa mtundu wa Gaius villosus, amene si tarantula koma mbale wake wotseka una ndi kachitseko, ndipo kangaudeyo, wodziwika ndi nambala 16, anakhala m'dzenje limodzi mpaka imfa yake mu 2016, ali ndi zaka 43.

FUNSO: Alangizi, vuto langa ndi losiyana ndi la ena. Ndili ku Manchester, ndipo Lasiodora parahybana wanga, amene ndamusamutsira m'bokosi lalikulu masiku khumi apitawa, sakulowa n'komwe m'phale limene ndinamuikira. Amangokwera galasi usiku wonse, ndipo dzulo ndinamupeza akulendewera kuchivindikiro cha waya. Pansi pa bokosi ndinaika kamphasa ka magetsi kotenthetsa. Nditani?

YANKHO: Achimwene, mwa makalata onse a mwezi uno lanu ndilo likufuna kuchitapo kanthu lero lomwe. Lasiodora parahybana, wochokera kudera la Paraíba kumpoto chakummawa kwa Brazil, amene analembedwa koyamba mu 1917, akakula amakonda kukhala pabwalo, ndipo n'chifukwa chake ambiri amamukonda. Kusalowa m'phale pakokha si vuto. Vuto ndi kukwera, chifukwa kangaude wapansi wolemera chotere akagwa, ngakhale kuchokera pamtunda wochepera mkono, mimba yake imaphulika ngati papaya wakupsa, ndipo akatero kawirikawiri sachira. Onjezani dothi mpaka mpata wa pakati pa dothi ndi chivindikiro usapitirire kutambasuka kwa miyendo yake kamodzi ndi theka, ndipo miyala ndi zinthu zakuthwa zichoke m'mbali mwa galasi. Chivindikiro cha waya wolukana chisinthidwe ndi cha pulasitiki yolimba yobooledwa, chifukwa tizikhadabo tiwiri ta kunsonga kwa mwendo uliwonse timakodwa m'wayamo, ndipo kangaude amalendewera mpaka mwendo kuduka.

Kamphasa kotenthetsako kachoke pansi. Kutchire kutentha kumachokera kumwamba, ndipo kangaude akamva kutentha amadziwa njira imodzi yokha yothawira, ndiyo kukumba kunka pansi. Mukaika moto pansi, mwasandutsa pothawira pake kukhala ng'anjo, ndipo wina amakumba mpaka kukagona pagalasi lotenthalo n'kuuma. Ngati chipinda chanu chimazizira, kamateni m'mbali mwa bokosi, pamwamba pa mzere wa dothi, kuti akhale ndi mbali yofunda ndi mbali yozizira.

Za kukwerako, kangaude aliyense wosamutsidwa amayendayenda kwa mlungu umodzi kapena iwiri, mpaka atayala ulusi wake pansi n'kuyamba kumva kuti malowo ndi ake. Koma finyani dothilo m'manja. Likatuluka madzi, ndiye kuti lanyowetsa, ndipo akuthawa chinyontho, monga amachitira Grammostola rosea wa ku Chile amene amaima chonyang'ama pamwamba pa khungwa dothi likangonyowa pang'ono. Likakhala lofuwafuwa ngati ufa, litsindireni, chifukwa sakonda kuponda pomira. Phalelo likhale lothina, lokwiriridwa theka m'dothi, loti akalowa msana uzigunda denga, popeza phanga lalikulu lowala m'kati salitenga ngati pobisalira. Pomaliza muyang'ane timiyendo tiwiri tam'mbali mwa kamwa. Ngati nsonga zake zatupa ngati zibakera, ndipo kunsi kwa miyendo yoyamba kuli tingowe, ndiye kuti muli ndi wamwamuna wokhwima. Ameneyo sadzakhazikikanso, chifukwa akafundula komaliza amasiya una n'kuyamba kusaka wamkazi, monga amachitira zikwi za Aphonopelma hentzi amene amadutsa m'misewu ya kufupi ndi tauni ya La Junta ku Colorado, m'dziko la America, mwezi wa Seputembala. Mpatseni madzi ndi malo osagwetsa, podziwa kuti masiku ake otsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri.

FUNSO: Alangizi, ine wa ku Pretoria. Kangaude wanga wa mtundu wa Tliltocatl albopilosus amakwirira kambale ka madzi ndi dothi usiku uliwonse. Kodi akusonyeza kuti safuna madzi?

YANKHO: Madzi amawafuna ndithu. Waubweya wopotana ameneyu, wa ku Nicaragua ndi Costa Rica, ndi mmodzi wa okonda kusuntha dothi, ndipo dothi limene watulutsa ku una amalitaya pamene pamuyenera, kaya pali kambale kaya palibe. Ambiri amatayanso zotsalira za chakudya m'madzi momwemo. Tsukani kambaleko, kasunthireni kungodya yotalikirana ndi khomo lake, ndipo musaikemo siponji kapena thonje, chifukwa zimenezo zimangosunga tizilombo ndi chuku. Kangaude amamwa yekha pomiza kamwa m'madzi.

FUNSO: Alangizi, ndine mphunzitsi m'boma la Machinga. Ana a sukulu pokumba mbewa m'chilimwe anapeza dzenje lozungulira bwino, lopakidwa ulusi woyera m'mphepete, ndipo atakumba anatulutsa kangaude wamkulu wofiirira waubweya, n'kumupha. Nditaona zithunzi pa intaneti ndinadabwa kuti akufanana ndi amene azungu amaweta. Kodi tarantula alipo kuno? Nanga tingamusunge m'kalasi kuti ana aphunzirepo?

YANKHO: Aphunzitsi, alipo, ndipo ndakondwa kuti mwafunsa. A kum'mwera ndi kummawa kwa Africa amatchedwa ndi dzina la nyani m'mabuku a Chingerezi, ndipo ambiri amati n'chifukwa chakuti nsonga za miyendo yawo zimafanana ndi zala za nyani. Pterinochilus murinus, amene ena ndi achikasu chofiirira ndipo ena otuwa, wafalikira kuchokera ku Angola mpaka ku Kenya, Tanzania, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo ndi mmodzi wa owetedwa kwambiri pa dziko lonse. Iye sasankha malo, amakumba, amalowa kunsi kwa miyala, ngakhale m'makungwa a mitengo, n'kuluka ulusi wambiri. Palinso gulu la Ceratogyrus, limene mitundu yake ina ili ndi kanyanga pamsana, monga Ceratogyrus marshalli wa ku Zimbabwe ndi Mozambique, ndipo Ceratogyrus meridionalis analembedwa kuti amapezeka ku Malawi ndi Mozambique.

Anawo amadziwa kale kusiyanitsa mauna, ndipo pamenepo ndi poyambira phunziro labwino. Una wa nkhululu umakhala ndi kamulu ka dothi lofewa lotseka khomo masana, wa mbewa umakhala ndi kanjira ndi mapazi, koma wa kangaudeyu ndi wozungulira ngati woboola ndi msomali waukulu, wosalala, ndipo m'milomo mwake muli ulusi womanga timaudzu ndi timasamba touma. Umatsika pafupifupi chowongoka, nthawi zina mpaka theka la mita, n'kukhotera kuchipinda chogona. Dzenje lotere wamkazi amaliyamba ali wamng'ono n'kumalikuza chaka ndi chaka, choncho khasu limodzi limagumula ntchito ya zaka zambiri, ndipo wamkulu wofukulidwa m'chilimwe, nthaka ili gwa, mavu ndi mbalame zimamupeza asanapeze pena pobisala. Amene mumawaona akuyenda pabwalo kapena kulowa m'nyumba usiku nthawi zambiri ndi amuna osaka akazi, ndipo n'kokwanira kuwavindikira ndi chidebe, kulowetsa katoni pansi pake n'kukawataya kutchire.

Za kusunga m'kalasi, ndikukupemphani kuti musatero. Akangaudewa ndi aliwiro, amaluma mowawitsa, ndipo kalasi ya ana ambiri, ya phokoso ndi kugwedezeka kwa mabenchi, si malo a chamoyo chimene chimamva ndi miyendo. Mwana akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo, ikanipo nsalu yozizira, ndipo mupite naye kuchipatala, makamaka ngati minofu yayamba kukokana. Dziwaninso kuti kugwira akangaudewa kutchire pofuna malonda kwawononga kale mitundu ina. Ku Mexico kunachititsa kuti gulu lonse la Brachypelma liikidwe pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire, mu 1995, Poecilotheria anatsatira mu 2019, ndipo ku South Africa munthu sangagwire kapena kusunga Ceratogyrus, Harpactira ndi Pterinochilus a m'dzikomo popanda chilolezo. Wina akadzabwera m'mudzi kufuna kugula akangaudewa kwa ana, kadziwitseni a Dipatimenti yoona za nyama zakutchire.

Phunziro lenileni lili kumunda komweko. Pezani dzenje lina losakumbidwa, zikanipo kamtengo chapatali kuti lisasowe, ndipo mupiteko ndi ana ochepa dzuwa litangolowa. Akhale pansi chete, mita imodzi kuchokera pakhomo, osaponda mwamphamvu. Mmodzi atenge udzu wautali wofewa, aulowetse pang'ono n'kumaugwedeza mofatsa m'milomo ya dzenjelo monga chimachitira chiwala chodutsa. Ngati mwini nyumba alipo ndipo ali ndi njala, udzuwo udzagwidwa mwamphamvu, ndipo mwanayo akaukoka pang'onopang'ono, miyendo iwiri yaubweya idzatulukira pakhomo. Ana ayeze kukula kwa khomolo ndi rula, alembe tsiku m'kope, ndipo adzabwerenso mvula yoyamba ikagwa kuti adzaone ngati lili lotsekula kapena lomatidwa ndi ulusi.